Anthu 50 okha pa ukwati wa pa 30 Januwale 2021: tiwerenge ndani, tisiye ndani?

Mwini mbumba, Chitakale

Akuluakulu nonse a pa gulu lino, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kuyambira Lamulungu lapitali, pa 17 Januwale 2021, pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti, chifukwa cha mliri wa Covid-19, msonkhano wina uliwonse, ngakhale wa mapemphero, usapitirire anthu 50. Mwana wamkazi wa mlongo wanga akuyenera kumanga ukwati woyera Loweruka pa 30 mwezi uno. Ukwati umenewu tinauimitsapo kale mu Ogasiti chaka chatha, pamene malamulo anafika poletsa kusonkhana anthu oposa 10, ndipo tinasankha Januwale, ngakhale kuti ndi nthawi ya mvula komanso yothyola tiyi, chifukwa pofika Novembala tonse tinkaona ngati matenda aja apita, komanso tinkafuna kuti zonse zitheke tisanalowe m'nyengo ya Lenti. Makadi tinagawa 300. Holo tinalipira theka la mtengo wake, mbuzi ziwiri zili pa chingwe, ndipo chimera cha thobwa amayi anayanika kale.

Dzulo ndinapita kwa eni holo kukapempha kuti atibwezere dipoziti, popeza anthu 50 tikhoza kuwalandirira pakhomo, koma anandiyankha kuti ndalamayo inagwira kale ntchito ndipo sibwezedwa. Sindikufuna kuwatchula dzina chifukwa sitinakangane, koma mtima wanga sunakhazikike. A kuchimuna akuti tiimitsenso ukwati, pamene ana eni akewo akuti atopa kudikira. Ndikupempha nzeru zanu, makamaka inu amene mumagwira ntchito za maukwati ndi inu a zaumoyo. Kodi pa anthu 50 amenewa timawerenga alendo okha, kapena aliyense amene ali ndi mutu?

Woyendetsa mwambo wa maukwati, Bvumbwe

Amalume, funso lanu lomalizalo ndi limene ndiyambire, chifukwa ine ndakhala ndikuwerenga pa pepala sabata yonse ino. Zimene tinamva pa wailesi sizinanene za alendo, zinanena za anthu, choncho tiyeni tiwerenge anthu. Akwati ndi awiri. Owaperekeza, kuphatikizapo ana a maluwa, kawirikawiri amakwana 12. Makolo a mbali zonse ndi anayi, ankhoswe ndi anayi, ndipo ngati agogo alipo simungawasiye. Kenako pali ine wogwira maikolofoni, mnyamata wa zoimbira ndi mnzake womuthandiza kunyamula masipika, wojambula, owerenga ndalama awiri, ndi amayi ogawa chakudya osachepera anayi. Mukaphatikiza mupeza kuti mwadutsa kale 30 mlendo ngakhale mmodzi asanalowe pakhomo.

Vuto lenileni lili pa perekaniperekani. Tonse tikudziwa kuti komiti ya ukwati imakongola zinthu zambiri poyembekezera lichero. Wokongoletsa holo, mwini galimoto la akwati, wa keke, ngakhale ine amene, timalandira theka kutsogolo ndipo theka linalo timalipeza madzulo a tsiku la ukwati, owerenga ndalama akamaliza kusanja ma K50 ndi ma K100 amene anthu anawaza akuvina. Anthu 300 akamaimirira gulu ndi gulu, a kuntchito, a kumpingo, a kuchimuna, a kuchikazi, lichero limadzaza kangapo. Anthu 20 amene atsale pa chiwerengero chija ndi abale enieni, omwewo amene anasonkha kale ndalama za mbuzi ndi mpunga, ndipo simungawaimiritse kasanu kuti afupenso. Ndikunena izi podziwa kuti ndikudzidulira ndekha ntchito, koma ukwati wa anthu 50 sufuna woyendetsa mwambo wolipidwa kapena masipika akuluakulu.

Mayi mwini holo, Luchenza

Bambo a ku Chitakale, holo imene mukunenayo si yanga, koma ndilole ndiyankhule m'malo mwa anzanga a ntchito imeneyi, chifukwa mawu akuti dipoziti inagwira ntchito amamveka ngati chinyengo kwa munthu amene sanasungepo holo. Kuyambira pa 20 Malichi chaka chatha, pamene boma la nthawi imeneyo linalengeza kuti dziko lili pa ngozi ndi kuletsa kusonkhana anthu oposa 100, ife sitinagwirenso ntchito mwadongosolo. Miyezi imene timadalira, kuyambira anthu akakolola mpaka mvula isanagwe, ndiyo inakhudzidwa kwambiri. Komatu mlonda amalandira malipiro mwezi uliwonse, kaya kuli ukwati kaya kulibe. Magetsi ndi madzi timalipira, chiphaso cha ku khonsolo timalipira, udzu umamera ndipo umafuna wotchetcha, denga likadontha timakonza. Munthu akalipira dipoziti mu Novembala, ndalamayo siigona m'bokosi kudikira Januwale, imapita ku zinthu zimenezi, ndipo tsiku limene iye wasungitsa timakana ena amene analifuna.

Pamwamba pa izo, malamulowa anatiwonjezera ntchito. Pakhomo payenera kukhala ndowa ya mpopi ndi sopo, mipando tiyenera kuitalikitsa, ndipo pafunika munthu woima pa geti kuwerenga olowa ndi kubweza amene alibe masiki. Munthu ameneyo ndi amene amatukwanidwa tsiku lonse. Apolisi kapena a zaumoyo akabwera n'kupeza anthu 120 mkati, sayamba kufunsa amalume a mkwatibwi, amayamba kufunsa mwini malo.

Zimene ine ndimachita ndi izi: ndalama sindibweza, koma tsiku ndimasintha ulere, ngakhale kawiri, ndipo mtengo umakhala womwe tinagwirizana poyamba ngakhale zinthu zitakwera. Ndikukulangizani kuti mubwererenso kwa eni holo anuwo ndi pempho limeneli, osati la kubweza ndalama, ndipo zimene mugwirizane zilembedwe pa pepala pamaso pa mboni ziwiri.

Mphunzitsi wopuma ntchito, Thekerani

Ine ndili ndi dandaulo limene ndikudziwa kuti ambiri ali nalo koma sakulinena. Malamulo amenewa akhala akusinthasintha moti munthu wokonza ukwati sangathe kuika tsiku ndi mtima wokhazikika. Mu Malichi 2020 anati 100. Mu Epulo analengeza m'bindikiro wa masiku 21 umene unayenera kuyamba pa 18, koma pa 17 Epulo Jaji Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC litadandaula, ndipo mu Seputembala bwalo lalikulu linagamula kuti malamulo a m'bindikiro aja anali osemphana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Mu Ogasiti anati 10, maliro 50, ndi chindapusa cha K10,000 kwa wopezeka pagulu wopanda masiki. Atsogoleri a mipingo atadandaula, chiwerengero chinakweranso. Mu Januwale 2021 uno ati 50, misika itseke 5 koloko madzulo, malo omwera mowa 8 koloko, ndipo munthu asapezeke akuyendayenda kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi chakuti pakati pa zonsezi panali chisankho cha pa 23 Juni. Zipani zonse, mosapatula, zinasonkhanitsa anthu miyandamiyanda m'mabwalo, kuno kwathu ku Thyolo ndi ku Mulanje komwe, anthu atathithikana m'malole, akuimba ndi kuvina popanda chotchinga pakamwa. Nthawi imeneyo sukulu zinali zotseka ndipo mabanja ena anali ataimitsa maukwati a ana awo pomvera lamulo. Munthu wa kumudzi anaona zimenezi ndi maso ake, ndipo anaphunzira kuti lamulo limeneli limagwira wochepa mphamvu. Choncho musadabwe, inu a zaumoyo, mukamayankhula lero anthu n'kumakuyang'anani ngati mukunena nthano. Sindikunena kuti amalume aphwanye lamulo ayi. Ndikungonena kuti chikhulupiriro chinaonongeka ndi akuluakulu omwe, ndipo amene akulipira mtengo wake ndi mwana wa mlongo wawo.

Mlangizi wa zaumoyo, Limbuli

Aphunzitsi, zimene mwanena za misonkhano ya ndale sinditsutsa, ndipo ife amene timayenda m'midzi timazimva tsiku lililonse. Koma ndikupempha kuti tisiyanitse mlandu wa andale ndi matenda enieniwo, chifukwa kachilombo sikadziwa kuti ndani analakwa chaka chatha. Januwale wa 2021 uno si Juni uja wa chisankho. Pa 12 mwezi uno tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia a kwa anansi athu ku Chikwawa, ndipo tsiku lomwelo Pulezidenti analengezanso kuti dziko lili pa ngozi. Ngati anthu amene akanatha kupeza thandizo lililonse la chipatala anapita motero, tiganizire za agogo a ku Chitakale. Boma lafika polengeza kuti litsegula zipatala zapadera ku Bingu National Stadium ku Lilongwe, ku Blantyre Youth Centre ndi ku nyumba ya boma ya ku Zomba, chifukwa odwala ofuna mpweya wa okosijeni achuluka kuposa mabedi, ndipo katemera sanafike m'dziko muno.

Ndifotokoze chifukwa chake ukwati ndi woopsa kuposa msika, ngakhale kuti ku msika wa Limbuli kumadutsa anthu ambiri kuposa m'holo. Kachilomboka kamatuluka ndi timadontho ta m'kamwa ndi m'mphuno pamene munthu akupuma, kuyankhula, kuimba kapena kutsokomola. Ku msika muli panja, mphepo ikuwomba, ndipo mumaima ndi wogulitsa mphindi zochepa. M'holo mumakhala maola anayi kapena asanu mpweya uli womwewo. Nyimbo zikakwera, aliyense wofuna kuyankhula ndi mnzake amayandikira khutu lake n'kukuwa. Amayi akuimba nthungululu, achinyamata akuvina mpaka kupuma mwawefuwefu, maikolofoni imodzi ikuyenda pakamwa ndi pakamwa, ndipo nthawi ya chakudya ikakwana masiki onse amatsika. Choopsa china ndi chakuti munthu amatha kupatsira anzake asanayambe kumva kudwala, ndipo ena sadwala n'komwe, kotero kuti kuyeza kutentha kwa thupi pakhomo sikugwira onse. Zizindikiro zimatha kutenga masiku awiri mpaka 14 kuti zioneke, choncho pamene woyamba adzayambe kutsokomola, alendo onse adzakhala atabwerera kwawo, wina ku Muloza, wina ku Goliati, wina ku Ndirande.

Tsopano ndinene chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, chimene lamulo la anthu 50 silichiona n'komwe. Lamulo limawerenga mitu m'holo Loweruka masana. Koma ukwati wa kwathu kuno umayamba Lachinayi. Abale ochokera kutali amabwera atapanikizana pa lole kapena m'minibasi, amafikira m'nyumba ya amayi a mkwatibwi, ndipo usiku amagona 15 m'chipinda chimodzi, mazenera atatseka chifukwa cha mvula ndi udzudzu. Amayi amachezera kuphika thobwa ndi kusankha mpunga, amamwera chikho chimodzi polawa, amasamba m'manja m'beseni limodzi. Usiku wa chilangizo anamkungwi amadzazana m'kachipinda ndi mkwatibwi kwa maola angapo. Mukhoza kukhala ndi anthu 48 m'holo, wapolisi n'kukuyamikirani, pamene matenda anagawidwa kale Lachisanu usiku kunyumba. Ndiye amalume, musanawerenge mipando, werengani mphasa. Ndipo pa mndandanda wanu muonetsetse amene ali okalamba, a matenda a shuga, othamanga magazi, a chifuwa chachikulu ndi a mphumu, chifukwa amenewa ndi amene matendawa amawagwetsa msanga.

Mwini mbumba, Chitakale

Adokotala, mwandiopsa koma ndamva. Mlamu wanga wabwera ndi maganizo akuti tigawe alendo pawiri kapena patatu, gulu loyamba la anthu 50 lilowe 11 koloko, litatuluka lilowe lina 1 koloko, lomaliza 3 koloko, kuti pasakhale nthawi imene m'holo mwadutsa chiwerengero. Akuti ena anachitapo motero ndipo palibe amene anawaletsa. Kodi zimenezi sizingatipulumutse mbali zonse ziwiri, lamulo ndi lichero?

Mlangizi wa zaumoyo, Limbuli

Amalume, njira imeneyo ikhoza kukupulumutsani kwa wowerenga mitu, koma ganizirani amene sadzatuluka pakati pa magulu atatuwo. Akwati adzakhala pomwepo kuyambira 11 koloko mpaka madzulo, makolo awo chimodzimodzi, ankhoswe chimodzimodzi, inuyo chimodzimodzi. Ndiye kuti anthu amene mumawakonda kwambiri, amenenso ali achikulire pa onse, ndi amene adzakumane ndi mpweya wa anthu onse 150. Komanso ndikudziwa anthu a kwathu: a gulu lachiwiri adzafika 10 koloko n'kudikira pa khonde atathithikana pothawa mvula, ndipo a gulu loyamba akadzamva nyimbo ikukoma sadzatuluka.

Namkungwi, Chonde

Ine ndine mayi wachikulire ndipo za chipatala sinditsutsa, koma abambo inu mukuyankhula ngati kusiya munthu pa ukwati ndi kungofufuta dzina pa pepala. Ndani adzapite kwa azakhali a mwanayu, amene anamusambitsa ali wakhanda ndipo anamulipirira fizi ya sekondale pogulitsa nanazi m'mphepete mwa msewu, kukawauza kuti sali m'gulu la 50? Mawu amenewo sadzaiwalika. Tidzawamva pa maliro zaka khumi zikubwerazi, pamene mliri uno udzakhala utaiwalika kalekale. Ndipo mukudziwa pakamwa pa anthu. Mtsikana akakwatiwa mwakachetechete, m'mudzi samanena kuti anamvera lamulo la boma, amanena kuti panali chobisa, n'kuyamba kuwerenga miyezi.

Pa nkhani ya perekaniperekani, bambo a ku Bvumbwe anena za ngongole za komiti, koma pali ngongole ina imene sanaitchule. Mayi ake a mwanayu akhala akupita ku maukwati a ana a anzawo kwa zaka zambiri, kuvina ndi kuwaza ndalama zimene anapeza pothyola tiyi, kugula zidutswa za keke pa mtengo wokwera, kusonkha mbale ndi mapoto. Sankataya ndalama ayi. Perekaniperekani ali ngati chipereganyu cha mudzi wonse: lero ukupereka kwa mwana wa mnzako podziwa kuti tsiku lako lidzafika. Tsiku la mayi ameneyu lafika, ndiye mukuti anthu asabwere? Ana awa amayenera kuyambira banja lawo pa ndalama imeneyo.

Za chilangizo zimene anena adokotala ndazimva ndipo zandikhudza, chifukwa ine ndimamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Tikhoza kuchepetsa, kukhala anamkungwi awiri m'malo mwa asanu ndi atatu, n'kukhala pa khonde la kuseri masana m'malo mwa kachipinda usiku. Zimene timalangiza sizifuna gulu. Koma chisangalalo cha amayi a mwana chimafuna gulu, ndipo ndikufuna kuti abambo amene akugamula nkhaniyi adziwe kuti akumulanda mayiyu chinthu chenicheni.

Nyakwawa, dera la Nkando

Ndikufuna kuchenjeza amalume pa maganizo awo oyamba aja, akuti anthu 50 akhoza kuwalandirira pakhomo n'kusiya holo. A zaumoyo amatiuza kuti panja ndi pabwino kuposa m'nyumba, ndipo ndi zoona pa nkhani ya mphepo. Koma ukwati wa pakhomo kumudzi ulibe geti. Khadi ndi chinthu cha m'tauni. Kuno munthu akaona utsi wa mapoto akuluakulu ndi kumva nthungululu, amadziwa kuti waitanidwa, ndipo amabwera ndi ana ake. Simungabweze mnansi amene munagawana naye malire a munda, amene adzakumbe manda anu. Mudzayamba ndi 50, pofika masana mudzakhala ndi mudzi wonse ndi wa kutsidya kwa mtsinje, ndipo amene adzaitanidwe kukayankha ndine.

Ndikunena izi chifukwa ndikuziona pa maliro. Mafumu tinapemphedwa kuti tithandize kuchepetsa anthu, kufupikitsa mwambo ndi kuletsa kugona pa siwa mothithikana. Kufupikitsa maulaliki ndi zolankhula tinakwanitsa, ndipo ndikuuzeni kuti ambiri anakondwera nazo mwakachetechete. Kuika mpondagiya ndi sopo pa njira yolowera tinakwanitsanso. Koma kuwerenga anthu n'kunena kuti inu bwererani, chimenecho chinandikanika, chifukwa maliro saitanira ndipo wosabwera amatengedwa ngati mfiti. Kusiyana kwake ndi kwakuti maliro sitisankha tsiku, pamene ukwati timasankha. Ngati banja likufunadi anthu ochepa, malo okhala ndi mpanda ndi munthu wachilendo pa geti, amene alibe chibale ndi aliyense, ndi amene angawathandize. Pamenepa ndikugwirizana ndi mayi a ku Luchenza, ngakhale kuti iwo akuteteza malonda awo.

Mkulu wa mpingo, Thyolo boma

Abale anga, ndakhala ndikuwerenga mwachidwi, ndipo ndaona kuti tikusakaniza zinthu ziwiri zimene makolo athu ankazisiyanitsa. Pali ukwati, ndiye pali madyerero a ukwati. Pa mwambo wathu, banja limamangidwa pamene ankhoswe a mbali ziwiri akumana, agwirizana, n'kupatsana nkhuku, ndipo zimenezi zinkachitika pa mphasa imodzi pansi pa mtengo wa mango. Ku tchalitchi, chofunika ndi mkwati, mkwatibwi, mboni ziwiri ndi wodalitsa, zilengezo zitachitika monga mwa dongosolo. Lamulo la maukwati la chaka cha 2015 limazindikira ukwati wa ku tchalitchi, wa mwambo wa makolo ndi wa ku ofesi ya bwanamkubwa, ndipo palibe pamene limafuna holo kapena keke. Zonse zimene tikulimbana nazo pa gulu lino ndi za madyerero.

Ndikunena izi chifukwa ndikuopa kuimitsanso ukwati weniweniwo. Ana awa anadikira kuchokera Ogasiti. Lachitatu la Phulusa chaka chino cha 2021 ndi pa 17 Febuluwale ndipo Pasaka ndi pa 4 Epulo, choncho mukaphonya masabata ochepa akubwerawa, mwafika mu Epulo, ndipo palibe amene angakulonjezeni kuti pofika nthawi imeneyo chiwerengero chidzakhala chitakwera. Tawaona achinyamata ena amene anatopa ndi kudikira n'kungolowana, kenako n'kuyamba milandu ku mpingo ndi kwa makolo, zonsezo chifukwa chodikira tsiku la mpunga. Maganizo anga ndi akuti ukwati udalitsidwe pa 30 monga munakonzera, ndi anthu ochepa, mwambo wachidule, mazenera ndi zitseko zili zotsegula, oimba atatu m'malo mwa kwaya yonse. Madyerero asungidwe ku tsiku limene mayi a ku Chonde adzathe kuvina ndi anzawo onse, ndipo dipoziti ya holo idikire tsiku limenelo. Mayi, sindikuchepetsa zimene mwanena. Ngongole ya perekaniperekani siithawa, ingochedwa.

Mwana wa kwathu, Johannesburg

Makolo anga, ndikulemba kuchokera kuno ku Joni, kumene zinthu zafika poipa kuposa kumudziko. Kuyambira kumapeto kwa Disembala 2020 maphwando onse ndi oletsedwa, mowa sukugulitsidwa, maliro ndi anthu 50 okha ndipo kuchezera pa maliro usiku n'koletsedwa. Mtundu watsopano wa kachilomboka unalengezedwa kuno mwezi womwewo, nthawi imene anzathu ambiri a ku Mulanje ndi Thyolo anali kukwera mabasi kubwera kudzadya Khirisimasi kudzera pa chipata cha Mwanza. Sindikufuna kuti obwera kuchokera kuno azisalidwa, chifukwa ndife ana anu ndipo ndife amene timatumiza ndalama za feteleza, koma ngati pa mndandanda wa amalume pali wofika kumene kuchokera kunja, akhale kaye payekha masiku 14.

Pa nkhani ya lichero, ndikupempha kuti komiti isankhe munthu mmodzi wokhulupirika amene nambala yake ya Airtel Money kapena Mpamba ilembedwe pa uthenga wopepesa kwa onse amene analandira makadi. Wachinyamata mmodzi ajambule mwambo wa ku tchalitchi pa foni n'kutumiza pa WhatsApp. Ndikudziwa kuti ndalama ya pa foni siingafanane ndi ya povina, chifukwa munthu amapereka zambiri anzake akumuona, koma mayina a opereka akhoza kuwerengedwa pa tsiku la madyerero kuti ulemu wawo usatayike.

Namkungwi, Chonde

Akulu a mpingo, mwati ngongole ingochedwa. Mulungu akumveni, koma ine ndaona maukwati amene madyerero ake anaimitsidwa kuti adzachitika mtsogolo, ndipo mpaka lero mwana wachiwiri wabadwa madyerero osachitika. Mkazi akangolowa m'nyumba, anthu amati zatha, ndipo palibe amene amavinira mkwatibwi wa pathupi pa miyezi isanu ndi umodzi monga amavinira wa velo. Ngati mukusankha njira imeneyi, tsiku la madyerero lilembedwe tsopano pa pepala lomwelo la eni holo, ndipo a kuchimuna asainirepo, kuti asadzanene kuti ndalama zinatha.

Mphunzitsi wopuma ntchito, Thekerani

Pamenepa mayi anena zoona, ndipo ndikuwonjezerapo chimodzi. Pa pepalalo mulembenso chimene chidzachitike ngati tsiku latsopanolo litafika malamulo asanasinthe, chifukwa taona kale kuti chiwerengero chimatha kutsika usiku umodzi. Musankhenso mwezi mosamala. Juni ndi Julayi kuno kumakhala chiperoni, ndipo anthu adzatseka mazenera onse chifukwa cha kuzizira, zimene adokotala akutiletsa. Seputembala ndi wabwino, kunja kuli kouma ndipo mukhoza kuika mipando ina pa kapinga.

Mwini mbumba, Chitakale

Akuluakulu, ndabwera kudzakudziwitsani pamene tafika. Dzulo madzulo tinakumana ndi ankhoswe a kuchimuna, anthu asanu ndi mmodzi pansi pa mtengo, ndipo nkhani inatenga maola atatu chifukwa bambo ake a mnyamata anaumirira kuti mwana wawo woyamba sangakwatire ngati wakuba. Chimene chinawatembenuza si lamulo ayi, koma mawu a adokotala akuti tiwerenge mphasa, popeza mayi awo okalamba, amene ali ndi shuga, ndi amene anayenera kugona m'chipinda chimodzi ndi alendo ochokera ku Blantyre.

Tagwirizana kuti ukwati udalitsidwe pa 30 m'mawa. Mndandanda uli ndi anthu 40, mbali iliyonse 20, ndipo operekeza tawachepetsa kufika anayi. Palibe wobwera kudzagona, aliyense afike m'mawa ndi kubwerera tsiku lomwelo. Chakudya chidzaikidwa m'mapaketi ndipo tidzagawana pa bwalo la tchalitchi tikangotuluka. Ndinabwereranso kwa eni holo ndi pempho limene mayi a ku Luchenza anandilangiza, ndipo avomera kusunga dipoziti yathu mpaka Seputembala pa mtengo wakale. Pepala talemba, a kuchimuna asainira, ndipo tawonjezera mawu amene aphunzitsi ananena. Mbuzi imodzi tipha, inayo ikhala pa chingwe.

Mlongo wanga sanayankhule nane kuyambira usiku, ndipo sindikumuimba mlandu. Chimene chatsala ndi azakhali a ku Muloza. Iwo ali pa mndandanda, koma atumiza uthenga kuti sangabwere okha ngati munthu wopanda mbumba, ndipo akuti apangana kale ndi mwini lole kuti anyamule anthu awo onse Lachinayi. Foni yanga sakuyankha.

Namkungwi, Chonde

Amalume, nkhani ya azakhali si ya pa foni, ndipo si ya mwamuna. Mundipezere ndalama ya minibasi mawa m'mawa, ndipite ndekha ku Muloza ndi nkhuku m'manja, ndikakhale nawo pa khonde mpaka timvane. Mundiuzenso tsiku lenileni la Seputembala limene mwalemba pa pepala lija, kuti ndikafike nalo. Chimera chija muwauze mayi ake a mwana asachisunge mpaka nthawi imeneyo chifukwa chidzafumbwa, aphike thobwa Lachisanu, athire m'mabotolo, ndipo anyamata akagawe khomo ndi khomo kwa onse amene analandira makadi.